Kasanjidwe ka mawu mu database

Kasanjidwe ka mawu mu database ndi malamulo amene pulogalamu yosungira zinthu pa kompyuta imatsata pofuna kudziwa mawu oyenera kuyamba ndi oyenera kutsatira pa mndandanda. Akatswiri a makompyuta amawatcha malamulowa kuti collation. Munthu akauza database kuti iike mayina a ophunzira, a odwala kapena a midzi motsata alifabeti, malamulowa ndiwo amagamula malo a dzina lililonse. Ndiwonso amagamula ngati mawu awiri olembedwa mosiyana pang'ono, monga Malawi ndi Malaŵi, atengedwe ngati mawu amodzi kapena awiri.

Ma database ena, makamaka PostgreSQL, nthawi zambiri amabwereka malamulowa ku operating system, yomwe ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Motero mndandanda umodzi womwewo, wotcheredwa pa chiyankhulo chimodzi chomwecho, umatha kutuluka mosiyana pa Linux, pa macOS ndi pa Windows, ngakhalenso pa Linux yakale ndi yatsopano. Chifalansa ndicho chitsanzo chodziwika kwambiri cha vutoli chifukwa cha tizizindikiro ta pa zilembo monga é, è ndi ô. Chichewa chimakumana ndi vuto lomweli pa chilembo ŵ ndi pa nkhodolero (') ya m'mawu monga ng'ombe.

Zilembo ndi manambala ake

Kompyuta siidziwa alifabeti. Chilembo chilichonse imachisunga ngati nambala. Pa ndondomeko ya ASCII, yomwe idatuluka koyamba ku United States mu 1963 ndi kuwonjezeredwa zilembo zazing'ono mu 1967, zilembo zazikulu A mpaka Z zili ndi manambala 65 mpaka 90, ndipo zazing'ono a mpaka z zili ndi manambala 97 mpaka 122. Nkhodolero ndi 39, kamzere (-) ndi 45, ndipo mpata wa pakati pa mawu ndi 32. ASCII ili ndi malo 128 okha, ndipo mulibe é, ô kapena ŵ.

Ndondomeko zobwera pambuyo zidawonjezera zilembo, koma iliyonse mwa njira yake. ISO 8859-1 ya 1987 idali ndi é ndi ô koma idalibe œ ya Chifalansa, yomwe idadzalowa mu ISO 8859-15 mu 1999. Chilembo ŵ chidalibe malo mu ISO 8859-1 kapena mu Windows-1252. Chidalowa mu ISO 8859-14 ya 1998 chifukwa chiyankhulo cha ku Wales chimachigwiritsanso ntchito. Masiku ano makompyuta ambiri amatsata Unicode, yomwe idayamba mu 1991, ndipo amasunga zilembo mwa njira ya UTF-8 yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992. Mu Unicode, É ndi 201, é ndi 233, ô ndi 244, œ ndi 339 ndipo ŵ ndi 373.

Njira yapafupi yosanjira mawu ndiyo kungoyerekeza manambalawa. Njirayi imatchedwa C kapena POSIX. Ndi yachangu, ndipo imatulutsa zofanana pa kompyuta iliyonse, koma mndandanda wake sugwirizana ndi zomwe munthu adaphunzira kusukulu. Tikatenga mayina a malo a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, C imawasanja bwino ngati onse ayamba ndi chilembo chachikulu: Kabudula, Kasiya, Mpingu, Nambuma, Namitete, Nsaru. Koma mlembi akalemba kasiya ndi k wamng'ono, dzinalo limagwera kumapeto, pambuyo pa Nsaru, chifukwa k ndi 107 pomwe N ndi 78. Chimodzimodzinso dzina la Chifalansa Éric limagwera pambuyo pa mayina onse oyamba ndi Z.

Malamulo a Chifalansa

M'madikishonale a Chifalansa, é, è, ê ndi ë si zilembo zapadera. Zonsezi zimawerengedwa ngati e, ndipo kachizindikiro kamayang'anidwa pokhapokha ngati mawu awiri afanana zilembo zonse. Chilembo ç chimawerengedwa ngati c, ndipo œ imawerengedwa ngati o wotsatana ndi e, kotero kuti cœur, kutanthauza mtima, amakhala pakati pa coefficient ndi coexister.

Chitsanzo chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri pofotokoza nkhaniyi ndi cha mawu anayi awa: cote, amene amatanthauza mlingo kapena mtengo woikidwa pa chinthu, coté, chinthu chomwe chaikidwa mlingowo, côte, gombe la nyanja kapena nthiti, ndi côté, mbali. Mawu onsewa ali ndi zilembo c, o, t, e, choncho chowasiyanitsa ndi tizizindikiro tokha. Pali njira ziwiri zowasanjira. Njira yoyamba imayang'ana tizizindikiro kuyambira kumanzere kupita kumanja:

cote, coté, côte, côté

Njira yachiwiri, yomwe ndi mwambo wakale wa madikishonale ena a Chifalansa, imayang'ana tizizindikiro kuyambira kumapeto a mawu kubwerera mmbuyo:

cote, côte, coté, côté

Njira ya C imawoneka ngati yagwirizana ndi yoyamba mawuwa akakhala okha, koma kusiyana kumaonekera akasakanizidwa ndi ena. Motsata Chifalansa, mawu anayiwo amakhala pamodzi, ndipo coton, couleur ndi cyclone amatsatira. Motsata C mndandanda umakhala wotere:

cote, coton, coté, couleur, cyclone, côte, côté

Munthu wofunafuna côte pafupi ndi cote sangawapeze, ndipo pa mndandanda wa mayina zikwizikwi angaganize kuti mawuwo mulibe.

Miyezo ya dziko lonse

Pali miyezo iwiri yoyendera limodzi yomwe imafotokoza kasanjidwe ka mawu. Woyamba ndi ISO/IEC 14651, womwe udatuluka koyamba mu 2001. Mkonzi wake adali Alain LaBonté wa ku Québec, ndipo udatengera zambiri pa muyezo wa dziko la Canada wosanjira mawu a Chingerezi ndi Chifalansa. Wachiwiri ndi Unicode Collation Algorithm, wofupikitsidwa kuti UCA. Miyezo yonseyi imayerekeza mawu pa magawo otsatizana. Gawo loyamba limayang'ana zilembo zenizeni popanda tizizindikiro. Mawu akafanana pamenepo, gawo lachiwiri limayang'ana tizizindikiro. Akafananabe, gawo lachitatu limayang'ana ngati chilembo ndi chachikulu kapena chaching'ono. Zizindikiro monga nkhodolero, kamzere ndi mpata zimatha kuwerengedwa pa gawo loyamba, ngati zilembo zobwera patsogolo pa a, kapena kusungidwa mpaka gawo lachinayi. Pa mfundo yomalizayi ndi pamene mapulogalamu amasiyana kwambiri.

Chiyankhulo chilichonse chimatha kusintha pang'ono ndondomeko ya onse. Chiswidishi chimaika å, ä ndi ö pambuyo pa z. Chisipanishi chinkawerenga ch ndi ll ngati zilembo zapadera posanja mawu mpaka 1994. Kusintha kotereku kumasungidwa mu CLDR, nkhokwe ya malamulo a ziyankhulo yomwe bungwe la Unicode limayang'anira, ndipo pulogalamu ya ICU ndiyo imawagwiritsa ntchito. Poyamba CLDR inkatsata njira yobwerera mmbuyo pa Chifalansa chonse. Kuyambira pa CLDR 1.9 ya 2010, njirayi idangotsala pa Chifalansa cha ku Canada, ndipo cha ku France chimatsata njira yochokera kumanzere. Choncho mawu akuti kusanja mwa Chifalansa sakwanira paokha: pamafunika kunena dziko lake komanso chaka cha malamulowo.

Locale ndi komwe database imatenga malamulo

Locale ndi dzina lomwe limauza kompyuta chiyankhulo ndi dziko loyenera kutsata polemba madeti, manambala ndi ndalama, komanso posanja mawu. Pa Linux ndi pa macOS, Chifalansa cha ku France chimalembedwa fr_FR.UTF-8 ndipo cha ku Canada chimalembedwa fr_CA.UTF-8. Mbali ya locale yokhudza kasanjidwe imatchedwa LC_COLLATE.

PostgreSQL imasankha locale pa nthawi yomwe database ikupangidwa, ndipo munthu akapanda kunena, imatenga yomwe kompyutayo idatcheredwa. Kuyambira pa PostgreSQL 8.4 ya 2009, database iliyonse imatha kukhala ndi locale yakeyake, ndipo kuyambira pa 9.1 ya 2011 munthu atha kusankha kasanjidwe ka mzere umodzi wa tebulo kapena ka funso limodzi pogwiritsa ntchito mawu akuti COLLATE. Komabe chimene PostgreSQL imasunga pa njira imeneyi ndi dzina la locale chabe. Ikafuna kuyerekeza mawu awiri, imawapereka kwa operating system kudzera pa kapulogalamu kotchedwa strcoll, n'kulandira yankho lakuti oyamba ndi ati. Dzina lakuti fr_FR.UTF-8 lili ngati chikwangwani cha pa chitseko: chikhoza kufanana pa nyumba ziwiri pomwe za m'kati mwake n'zosiyana.

Kusiyana kwa Linux, macOS ndi Windows

Mitundu yambiri ya Linux, monga Debian, Ubuntu ndi Red Hat Enterprise Linux, imagwiritsa ntchito glibc, yomwe malamulo ake adakhazikika pa ISO 14651. Pa glibc, fr_FR.UTF-8 imaika é pamodzi ndi e, komanso imasakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono monga momwe dikishonale imachitira. Koma si Linux yonse yomwe ili ndi glibc. Alpine Linux, yomwe anthu ambiri amaikonda pa Docker chifukwa cha kuchepa kwake, imagwiritsa ntchito musl, ndipo strcoll ya musl imangoyerekeza manambala. Database yotcheredwa pa fr_FR.UTF-8 pa Alpine, yopanda ICU, imasanja ngati C.

Pa macOS, kwa zaka zambiri ma locale a UTF-8 adalibe malamulo enieni osanjira zilembo zomwe zili kunja kwa ASCII. Dzina fr_FR.UTF-8 linkalandiridwa popanda dandaulo, koma mndandanda unkatuluka wofanana ndi wa C, ndipo É ankagwera pambuyo pa Z. Izi zinkasokoneza olemba mapulogalamu omwe amayesa ntchito yawo pa laputopu ya Apple kenaka n'kuisamutsira pa seva ya Linux. Chosokoneza china n'chakuti Finder, pulogalamu yoonetsa mafayilo pa macOS, imasanja bwino mayina a Chifalansa chifukwa siidutsa pa strcoll. FreeBSD, yomwe macOS idatengako mbali imeneyi, idakonza vutoli pa FreeBSD 11 ya 2016 potenga malamulo a CLDR.

Windows ili ndi matebulo akeake a Microsoft, osiyana ndi a glibc ndi a CLDR, ngakhale kuti pa mawu wamba a Chifalansa zotsatira zimayandikana. Mayina a locale nawonso ndi ena: PostgreSQL yoikidwa pa Windows ya Chifalansa nthawi zambiri imaonetsa French_France.1252. Linux siilidziwa dzinali, choncho munthu wosamutsa database kuchoka pa Windows amayenera kupanga database yatsopano yokhala ndi dzina la locale la pa Linux. Mapulogalamu ena a pa Windows alinso ndi mwambo wawo pa zizindikiro. Microsoft Excel, mwachitsanzo, imanyalanyaza nkhodolero ndi kamzere posanja mawu.

Kusintha kwa 2018 ndi kuwonongeka kwa index

Mndandanda wosanjidwa mosayembekezeka ndi vuto looneka ndi maso. Vuto lalikulu ndi lobisika, ndipo limakhudza index. Index ndi mndandanda wapadera womwe database imasunga uli wosanjasanja kale kuti izipeza zinthu msanga. Imagwira ntchito ngati mlembi wa pachipatala yemwe ali ndi kaundula wolembedwa motsata alifabeti: satsegula tsamba lililonse, koma amatsegula chapakati, n'kuona ngati dzina lomwe akufuna lili kutsogolo kapena kumbuyo, n'kusiya theka linalo osaliyang'ana. Njirayi imathandiza pokhapokha ngati wofufuzayo akutsata malamulo omwe adatsata wolemba kaundulayo. Malamulo akasintha, amatembenukira kolakwika n'kunena kuti dzinalo mulibe, chikhalirecho lilimo.

Zoterezi zidachitika pamlingo waukulu glibc 2.28 itatuluka mu Ogasiti 2018. Mtunduwu udasintha matebulo ake kuti agwirizane ndi ISO 14651 ya 2016, ndipo kusinthako kudakhudza pafupifupi ma locale onse, kuphatikizapo a Chifalansa ndi a Chingerezi. Chitsanzo chachidule ndi cha 11 ndi 1-1. Pa glibc yakale, 11 ankayamba chifukwa kamzere kankanyalanyazidwa mpaka kumapeto. Pa 2.28 ndi mitundu yotsatira, 1-1 ndiye amayamba. Debian 9 idali ndi glibc 2.24 pomwe Debian 10 ya 2019 idabwera ndi 2.28. Ubuntu 18.04 idali ndi 2.27 pomwe 20.04 idabwera ndi 2.31. Red Hat Enterprise Linux 7 idali ndi 2.17 pomwe 8 idabwera ndi 2.28. Aliyense wokweza seva yake kudutsa malire amenewa, n'kusunga mafayilo a database momwe adalili, adatsala ndi ma index osanjidwa ndi malamulo akale koma ofufuzidwa ndi malamulo atsopano.

Zotsatira zake zimakhala za mitundu itatu. Choyamba, funso lofufuza dzina kapena nambala ya khadi limabwera lopanda kanthu pomwe zinthuzo zilimo. Chachiwiri, lamulo loletsa kulemba chinthu chimodzi kawiri limalephera, chifukwa database imadalira index pofuna kudziwa ngati chinthucho chilimo kale. Munthu mmodzi atha kulembedwa kawiri. Chachitatu, seva yaikulu ndi seva yosungira kope lake zimatha kupereka mayankho osiyana ngati zili ndi glibc yosiyana, chifukwa kukopera kwa PostgreSQL kotchedwa streaming replication kumasamutsa index momwe ilili osaisanjanso. Pa zonsezi database siima ndipo siioneka yodwala. Vuto limadzadziwika pakapita nthawi, wina akadabwa ndi zomwe zatuluka.

PostgreSQL idayankha pang'onopang'ono. Mtundu wa 10 wa 2017 udalola kugwiritsa ntchito ICU m'malo mwa strcoll, ndi mayina monga fr-x-icu ndi fr-CA-x-icu. Wa 13 wa 2020 udayamba kusunga nambala ya glibc yomwe kasanjidwe kadapangidwira, kuti uzichenjeza ikasintha. Wa 15 wa 2022 udalola kuti database yonse itsate ICU, komanso udafikitsa chenjezolo pa kasanjidwe ka database yonse. Wa 17 wa 2024 udabwera ndi kasanjidwe kakekake kosadalira operating system, kotsata manambala a Unicode. ICU nayo imasintha malamulo mtundu watsopano ukatuluka, koma ubwino wake ndi wakuti mtundu umodzi wa ICU umasanja mofanana pa Linux, pa macOS ndi pa Windows.

Ma database ena

MySQL ndi MariaDB zimanyamula matebulo awoawo, choncho sizisintha kasanjidwe chifukwa cha operating system. Kusiyana kwake kumabwera pa kasanjidwe komwe kasankhidwa. Kwa zaka zambiri MySQL inkayamba ndi latin1_swedish_ci, kotsata Chiswidishi, chifukwa kampani yomwe idaipanga idali ya ku Sweden. MySQL 8.0 ya 2018 imayamba ndi utf8mb4_0900_ai_ci, kotsata UCA 9.0.0. Zilembo ai ndi ci pa dzinali zikutanthauza kuti tizizindikiro ndi kukula kwa zilembo sizisiyanitsa mawu. Pa kasanjidwe aka cote ndi côté ndi mawu amodzi, Malawi ndi Malaŵi chimodzimodzi. Izi zimathandiza pofufuza, koma pa mzere woletsa kubwereza, mawu achiwiriwo amakanidwa.

SQLite, yomwe imapezeka m'mafoni ambiri, imayamba ndi kasanjidwe kotchedwa BINARY, kofanana ndi C. Ilinso ndi NOCASE, komwe kamafananiza zilembo zazikulu ndi zazing'ono za A mpaka Z zokha, kotero kuti É ndi é zimakhalabe zosiyana. Mndandanda wosonkhanitsidwa pa foni kumudzi, n'kutumizidwa pa seva ya PostgreSQL, kenaka n'kutsegulidwa mu Excel ku ofesi, umakhala utadutsa pa malamulo atatu osiyana.

Nkhaniyi ku Malawi

PostgreSQL imagwiritsidwa ntchito m'dziko muno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yomwe University of Oslo ya ku Norway imatsogolera pa kakonzedwe kake, ndipo DHIS2 imasunga zinthu zake mu PostgreSQL. Masukulu, mipingo, makopaletivi a alimi ndi maofesi a boma nawonso amasunga mindandanda ya mayina, ena mu database, ena mu Excel.

Mayina a Chifalansa amapezeka m'mindandanda ya ku Malawi kudzera m'njira zingapo. Ansembe a Missionaries of Africa, odziwika kuti White Fathers, chipani chomwe Charles Lavigerie adayambitsa ku Algiers mu 1868, adatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo adatsegulanso Likuni, Kachebere ndi Nambuma. Ambiri mwa ansembe oyambawo ankayankhula Chifalansa. Mishoni ya Guilleme ku Mchinji idatchedwa dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, ndipo ku Malawi dzina la malowo limalembedwa kawirikawiri popanda kachizindikiro ka pa e womaliza. Wolemba mbiri ya mpingo pa kompyuta amakumana ndi Guilleme ndi Guillemé pa mndandanda umodzi, ndipo kasanjidwe komwe wasankha ndiko kamagamula ngati kufufuza dzina limodzi kutulutsenso linzake. Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, womwe udatsegulidwa mu 1994, uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of the Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, komwe mayina monga Désiré, Hélène ndi Élisabeth ndi ofala. Chifalansa chimaphunzitsidwanso m'masukulu ena a sekondale.

Pa Chichewa, chilembo ŵ chimachita ngati ô ya Chifalansa. Mu UCA, ŵ ndi w wokhala ndi kachizindikiro, choncho glibc ndi ICU zimachiika pamodzi ndi w:

maŵa, mawu, mayi, maziko

Njira ya C imachitaya kumapeto:

mawu, mayi, maziko, maŵa

Popeza olemba ena amagwiritsa ntchito ŵ pomwe ena amangolemba w, dzina limodzi limatha kupezeka malo awiri otalikirana.

Nkhodolero ndi yovutirapo, chifukwa pa Chichewa imasintha tanthauzo: ng'oma ndi yoimbira, ngoma ndi nyama ya kuthengo. Kasanjidwe kowerenga nkhodolero pa gawo loyamba, monga ICU ikakhala momwe idabwerera, kamatulutsa ng'oma, ng'ombe, ngalande, ngolo, ngoma, ngwazi. Kasanjidwe koinyalanyaza, monga ka Excel, kamayamba ndi ngalande ndi ngolo, n'kuika ng'oma moyandikana ndi ngoma, kenaka ng'ombe ndi ngwazi. Mayina a mafumu a ndodo a m'boma la Lilongwe amaonetsa zomwezi. Pa njira yoyamba mndandanda ndi uwu:

Kabudula, Kalolo, Khongoni, M'bang'ombe, M'bwatalika, Malili, Mtema

Pa njira yachiwiri ndi uwu:

Kabudula, Kalolo, Khongoni, Malili, M'bang'ombe, M'bwatalika, Mtema

Palinso nkhodolero ziwiri zofanana m'maso. Yowongoka, ya pa kiyibodi, ndi nambala 39. Yopindika (’), yomwe Microsoft Word ndi mafoni ena amaika okha munthu akamalemba, ndi nambala 8217. Pa njira ya C, yowongoka imagwera patsogolo pa zilembo zonse pomwe yopindika imagwera pambuyo pa zonse, kotero kuti M’bang’ombe wolembedwa mu Word amakhala pambuyo pa Mtema. Pa PostgreSQL, kasanjidwe wamba kamatenga mawu awiri kukhala ofanana pokhapokha ngati manambala awo onse afanana, choncho kufufuza dzina lolembedwa ndi nkhodolero imodzi sikupeza lolembedwa ndi inayo. Mlembi wa komiti ya chitukuko ku Kasiya yemwe akuyerekeza mndandanda wochokera kwa DC ndi wa m'kope lake atha kuganiza kuti munthu wachotsedwa, pomwe dzinalo langokhala tsamba lina.

Chomaliza n'chakuti Unicode imalola kulemba é ndi ŵ mwa njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati e kapena w wotsatana ndi kachizindikiro kapadera. Pa sikirini zimaoneka zofanana koma manambala ake ndi osiyana. PostgreSQL 13 idabweretsa lamulo la normalize losinthira zolemba zonse kuti zikhale mwa njira imodzi.

Njira zopewera mavuto

Oyang'anira ma database amatsata njira zingapo. Yoyamba ndiyo kutchula kasanjidwe momveka popanga database, osangotenga komwe kompyuta idabwera nako. Pa manambala a makadi, a mafoni ndi a ziphaso, omwe sayenera kutsata chiyankhulo chilichonse, ambiri amasankha C chifukwa siisintha. Pa mayina a anthu ndi a malo amasankha ICU, ndipo amaonetsetsa kuti laputopu yoyesera ndi seva zili ndi mtundu umodzi wa ICU. ICU imalolanso kusankha zina mwapadera: kb-true pa dzina la kasanjidwe imayambitsa njira yobwerera mmbuyo, ndipo ka-shifted imachititsa kuti nkhodolero ndi kamzere zisawerengedwe pa gawo loyamba. Kuyambira pa PostgreSQL 12 ya 2019 n'zotheka kupanga kasanjidwe kotenga Guilleme ndi Guillemé ngati dzina limodzi pofufuza.

Yachiwiri ikukhudza nthawi yosamuka. Operating system ikakwezedwa, kapena database ikasamutsidwira pa kompyuta ina, ma index onse a mawu amayenera kumangidwanso ndi lamulo la REINDEX anthu asanayambe kulembamo. Kusamutsa kudzera pa pg_dump kumamanganso ma index kokha, pomwe pg_upgrade ndi kukopera mafayilo sizitero. Pulogalamu ya amcheck imayendera index n'kunena ngati yapeza mawu omwe sali pamalo pake. Ngati REINDEX yakana chifukwa chinthu china chalembedwa kawiri, zobwerezedwazo zimayenera kuunikidwa ndi munthu kaye, chifukwa kompyuta singadziwe kuti cholondola ndi chiti.

Yachitatu ili m'manja mwa olemba mayina. Ofesi ikagwirizana kalembedwe kamodzi, monga kugwiritsa ntchito nkhodolero yowongoka yokha, kusankhiratu pakati pa w ndi ŵ, ndi kuyamba dzina lililonse ndi chilembo chachikulu, mbali yaikulu ya kusiyanaku imatha ngakhale mapulogalamu atakhala osiyana. Poyerekeza mindandanda iwiri yochokera ku makompyuta osiyana, n'kotetezeka kugwiritsa ntchito nambala ya chiphaso kapena ya khadi kusiyana ndi kudalira malo omwe dzina lagwera pa tsamba.